Mlandu Suola Koma Mboni Zimafa

Pali mayankho atatu amene amatuluka msanga pakamwa pa ophunzira anzanga, ngakhalenso pa aphunzitsi athu ena, munthu akangotchula za makaundula a anthu akufa. Oyamba amati zimenezo n'zachizungu, ife tili ndi agogo athu amene amasunga mbiri m'mutu. Achiwiri amati akufa asiyeni agone, amoyo akusowa chimanga ndi mankhwala, tsono ndalama zosungira mapepala a mitembo zichokere kuti? Achitatu, amene amadziyesa ochenjera koposa, amati mapepala a boma ndi mabodza okhaokha, nanga n'kuwasungiranji? Ine ndikuti maganizo onsewa ndi ulesi wovala jekete, ndipo ulesi wake ndi wakupha. Mtundu umene sulemba akufa ake, n'kusunga zolembazo pamalo poti munthu wamba angathe kuziwerenga, sungathe kutchinjiriza amoyo ake. Pofuna kuonetsa zimenezi ndiyamba ndakutengerani ku London. Sikuti kumeneko n'kumwamba ai, koma amene adatilamula zaka 73 adachokera kumeneko, ndipo ankaidziwa bwino mphamvu ya kaundula wa imfa pamene adaganiza zotimana ife.

M'dera la Clerkenwell mu mzinda wa London muli nyumba yosungiramo makalata akale a mzindawo. Kufikira chaka cha 2024 inkatchedwa London Metropolitan Archives, lero dzina lake ndi The London Archives. Mwa zambiri zimene zili m'menemo muli mabuku a maliro a maparishi mazanamazana, ena a zaka za m'ma 1500. Chiyambi chake n'chakuti mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, adalamula kuti parishi iliyonse izilemba m'buku ubatizo, ukwati ndi maliro onse. Choncho wamalonda wolemera ndi wopemphetsa wa m'khwalala, khanda la masiku atatu ndi nkhalamba yotha mano, aliyense adapata mzere wake: dzina, tsiku, ndipo nthawi zina chimene chidamutenga. Lero munthu wina aliyense angathe kukalowa m'nyumba imeneyi n'kuwerenga osalipira kanthu.

Kuyambira mu 1603, mzindawo utasautsidwa ndi mliri wa makoswe, alembi a maparishi adayamba kutulutsa mlungu ndi mlungu chipepala chotchedwa Bills of Mortality, chimene chinkanena chiwerengero cha akufa. Ntchito yake inkayenda motere. Belu la tchalitchi likalira kuti kwagwa maliro, amayi achikulire, kawirikawiri amphawi odyetsedwa ndi parishi, ankapita kukaona mtembo ndi kufunsa abale chimene chachitika. Amayiwa ankakauza mlembi wa parishi, mlembi n'kutumiza chiwerengero chake kulikulu la alembi, ndipo Lachinayi lililonse chipepala chosindikizidwa chinkafika kwa ogula, chosonyeza kuti m'parishi iliyonse mwafa angati, ndiponso nthenda zimene zapha anthu mu mzinda wonse. Amayi aja sadali madokotala. Mukawerenga zifukwa zina za imfa zimene adalembetsa mukhoza kuseka: uyu wafa ndi mano, uyu ndi mantha, uyu ndi chisoni. Mapepala ambiri otere asungidwa mpaka lero ku Guildhall Library ndi kwina.

Tsono inu anzanga achitatu, inu a "mapepala amanama", tcherani khutu pakuti pano tiyendera limodzi pang'ono. Inde amanama. M'chaka cha mliri waukulu, 1665, mapepalawa adalemba maliro 97,306, ndipo mwa amenewa 68,596 adati ndi a mliri. Mlungu umodzi wokha wa mwezi wa Sepitembala adalemba ofa ndi mliri 7,165. Koma akatswiri a mbiri yakale amati ofa ndi mliriwo adayandikira 100,000. Chifukwa chake sichivuta kumva. Nyumba imene mwapezeka mliri inkatsekedwa masiku 40, odwala ndi abwinobwino omwe ali m'katimo, choncho mabanja ankachonderera kapena kupereka kangachepe kuti palembedwe nthenda ina. Samuel Pepys, mkulu wina wa boma amene ankalemba zochitika tsiku ndi tsiku, adasimba kuti mlembi wa parishi yake adamuululira kuti mlungu wina mudafa anthu 9 ndi mliri koma iye adatumiza 6.

Komatu dzifunseni: tadziwa bwanji kuti adanama? Tadziwa chifukwa bodzalo lidalembedwa. Munthu akaika mapepala a 1665 pambali pa mapepala a zaka zam'mbuyo, amaona kuti kutentha thupi ndi nthenda zina wamba zidalumpha modabwitsa m'milungu yomweyo imene mliri udakula, ndipo pompo amazindikira kumene mitembo ya mliri idabisidwa. Bodza lolembedwa lili ndi tsiku, malo ndi chiwerengero, kotero mungathe kuligwira pakhosi. Koma pamene sipadalembedwe kanthu mugwira pati?

Njira imeneyi adaitulukira ndi munthu wosayembekezeka, mliri waukuluwo usadafike. John Graunt adali wogulitsa mabatani, ulusi ndi tinsalu, ndipo sadapondeko pa yunivesite. Iye adasonkhanitsa mapepala a zaka zambiri amene anzake ankangowerenga n'kutaya, nayamba kuwonkhetsa. Mu 1662 adatulutsa buku lotchedwa Natural and Political Observations Made upon the Bills of Mortality. Adapeza kuti mwa ana 100 obadwa, pafupifupi 36 ankafa asadakwane zaka 6. Adapeza kuti ana aamuna amabadwa ochulukirapo pang'ono kuposa aakazi. Adapeza kuti mu London maliro ankaposa ubatizo, ndiye kuti mzindawo unkakula ndi anthu ochokera kumidzi, odzalowa m'malo mwa akufa. Adaonanso kuti ofa ndi chindoko ankalembedwa ochepa mokayikitsa, chifukwa amayi oona mitembo aja, akalandira kamowa ndi kandalama, ankalembetsa kuti munthuyo wafa ndi nthenda yoondetsa. Maphunziro onse owerengera kubadwa ndi kufa kwa anthu, amene ena mwa inu mukuwalembera mayeso, adamera pa mawu a nkhalamba zosaphunzira ndi pa khama la wogulitsa mabatani. Mapepalawo adali opunduka, koma adalipo.

Kwa inu achiwiri, amene mukuti ndalama zipite kwa amoyo, ndili ndi nkhani ya mjigo. Pa 1 Julaye 1837 boma lidayamba kulemba lokha kubadwa, maukwati ndi imfa mu England ndi Wales, ndipo posakhalitsa dokotala wina, William Farr, adapatsidwa ntchito yosanthula ziwerengerozo. Kumapeto kwa Ogasiti 1854 nthenda ya kolera idabuka ku Soho, dera lina la London, nipha anthu oposa 500 m'masiku 10. Pa nthawiyo madokotala ambiri, ndi Farr yemwe, ankakhulupirira kuti nthendayi imayenda ndi mpweya wonunkha. Dokotala John Snow ankati imayenda m'madzi akumwa, ndipo sadalimbire mtsutso wa pakamwa. Adapita ku ofesi ya kaundula, natenga mndandanda wa anthu 83 amene adafa m'masiku atatu oyamba, nayenda khomo ndi khomo. Adapeza kuti pafupifupi onsewo ankakhala kufupi ndi mjigo wa mumsewu wa Broad Street. Anthu 10 okha ndiwo adali a nyumba zoyandikira mjigo wina, ndipo ambiri mwa iwonso adapezeka kuti ankamwako madzi a mjigo womwewo. Nyumba yosungiramo amphawi yapafupi, yokhalamo anthu 535, idali ndi chitsime chakechake, ndipo mudafa 5 okha. Antchito a pamalo ofululira mowa mumsewu womwewo sankamwa madzi a mjigowo, ndipo palibe adafa. Pa 8 Sepitembala akuluakulu a parishi adachotsa chogwirira cha mjigo.

N'zoona kuti mliri udali utayamba kale kuchepa, ndipo pomaliza udapha anthu 616. Koma nkhani siidathere pamenepo. Wansembe wina wa m'deralo, Henry Whitehead, amene poyamba ankafuna kumutsutsa Snow, adapenda m'kaundula wa imfa napeza mzere umodzi: khanda la miyezi 5 la panyumba nambala 40 mumsewu womwewo, limene lidayamba kutsekula m'mimba mliri usadabuke. Mayi wake ankatsanulira madzi ochapira matewera m'dzenje la zonyansa limene lidali mapazi ochepa chabe kuchokera pachitsime cha mjigo. Atakumba adapeza kuti dzenjelo linkadonthera m'chitsime. Khanda limenelo likadakhala la kwathu kuno likadaikidwa tsiku lomwelo mwakachetechete, popanda pepala, ndipo gwero la mliri likadaikidwa nalo limodzi. Mu 1866 nthendayi itabweranso, Farr yemwe uja, poona makaundula ake, adaloza chala kampani ya madzi ya kum'mawa kwa mzinda, ndipo umenewo udakhala mliri wotsiriza wa kolera mu London. Ndiuzeni tsono, adapindula ndi mapepala a mitembo ndani, akufa kapena amoyo?

Zonsezi zidali zodziwika kale kwa Mngerezi wophunzira pamene Harry Johnston ankakhazikitsa boma la atsamunda ku Zomba mu 1891. Ndipo mu 1904 bomalo lidapangadi lamulo lolembetsa kubadwa ndi imfa m'dziko muno. Koma kukakamiza kwake kudali kwa azungu ndi amwenye, anthu osakhala mbadwa. Wina angati kudali kovuta kulemba anthu a m'midzi yopanda misewu. Limenelo ndi bodza. Boma lomwelo linkadziwa kuwerenga nyumba ndi nyumba pofuna msonkho, ndipo mesenjala ankafika ngakhale kuseri kwa phiri. Munthu wakuda ankalembedwa ali moyo chifukwa adali ndi mashilingi oti apereke ndi msana woti usenze. Akafa ankangofufutidwa m'buku.

Taonani zimene kufufutidwa kumeneku kudatichita. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 adagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali olimbana ndi Ajeremani. Ambiri adafera m'njira ndi kamwazi, chibayo, njala ndi kutopa. Chipilala cha King's African Rifles ku Zomba chili ndi maina a asilikali. Nanga amtengatenga aja maina awo ali pa mwala uti? Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, losamalira manda a ofera kunkhondo, lidavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, makamaka a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, amene adafa pothandiza Britain pa nkhondo ija sadakumbukiridwe ndi maina awo, ndi kuti tsankho ndilo lidachititsa. Nduna ya ku Britain idapepesa m'nyumba ya malamulo. Koma kupepesa sikubweza dzina limene silidalembedwe. Ndipo ngati kuti tsokalo silidakwane, mu 1919 moto udapsereza maofesi a boma ku Zomba pamodzi ndi makalata ambiri a zaka zoyamba za utsamunda.

Tsopano ndifike kwa inu oyamba, a "agogo akudziwa". Sindinyoza agogo ai. Njala ya 1949, imene idasautsa kwambiri madera a Blantyre monga Lunzu ndi Lirangwe, boma lidati idapha anthu pafupifupi 200. Megan Vaughan, amene adaphunzitsapo ku Chancellor College, adakhala pansi ndi amayi a kumeneko namvera nkhani zawo ndi nyimbo zawo za pamtondo, ndipo buku lake la 1987, The Story of an African Famine, lidaulula zimene makalata a boma sadazione: amuna amene adathawa akazi ndi ana n'kubwerera kwawo, amayi amene adasiyidwa opanda wowaimira pogawa chakudya. Apa pakamwa padaposa pepala, ndipo tiyenera kunyadira. Koma nyimbo ya pamtondo imakuuzani mmene njala idawawira. Siingakuuzeni kuti m'mudzi wakutiwakuti mudafa ana angati m'mwezi wa Januwale 1950. Chiwerengero cha 200 chija aliyense amachikayika, koma palibe buku loti tichitsutse nalo mzere ndi mzere monga amachitira ndi cha 1665. Ndiponso mtsikana amene adali ndi zaka 10 mu 1949 lero wapitirira zaka 85. Nyumba yosungiramo mbiri imene ili m'mutu mwa gogo imapsa tsiku la maliro ake, ndipo moto wake ndi woposa wa 1919.

Chaka ndi chaka pa 3 Malichi timapuma pantchito kukumbukira anthu amene adaphedwa mu 1959. Komiti ya Devlin idalemba kuti adaphedwa 51 m'dziko lonse, 20 mwa iwo padoko la Nkhata Bay. Anthu a ku Nkhata Bay amati padokopo padafa oposa 30. Taganizani, tsiku lalikulu chotere la mtundu wonse, koma chiwerengero cha akufa ake chidakali cha mtsutso! Mu Meyi 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga adafera ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo dziko lidauzidwa kuti ndi ngozi ya galimoto. Bodzalo lidali ndi tsiku lake ndi malo ake, choncho ulamuliro wa chipani chimodzi utatha komiti ya Jaji Harry Mtegha idatha kuliitana kuti lidzayankhe, ndipo mu 1995 idalengeza kuti anthuwo adachita kuphedwa. Koma awa adali nduna ndi phungu, anthu a maina. Nanga munthu wamba amene adafera m'ndende za Mikuyu ndi Dzeleka ali m'buku liti limene mdzukulu wake angalitsegule?

Musayese kuti ndikunena za misozi yokha, palinso ndalama. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, ambiri atapita ndi Wenela. Ambiri adabwerako ndi chifuwa chachikulu kapena nthenda ya fumbi la miyala limene limaumitsa mapapo, nafera kumudzi. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano woti makampani 6 a migodi ya golide apereke marandi 5 biliyoni, kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust, kwa odwala nthenda zimenezi ndi kwa abale a amene adafa nazo. Koma wamasiye amayenera kuonetsa umboni wa chimene chidapha mwamuna wake. Mayi wa kumudzi amene mwamuna wake adatsokomola zaka zisanu n'kuikidwa popanda chiphaso cha imfa akaonetsa chiyani? Adzukulu amene adakumba manda akudziwa, nyakwawa ikudziwa, mudzi wonse ukudziwa, koma kudziwa kwawo sikulandiridwa pawindo la ofesi. Thukuta la mwamunayo lalembedwa m'madzi.

Apa ena mwa inu mwayamba kukondwa poganiza kuti mlandu wonse ndausenzetsa atsamunda. Musafulumire. Atsamunda adachoka mu 1964, koma lamulo lawo la 1904 lidatsala, ife n'kumalifungatira. Lamulo latsopano la kalembera wa mtundu lidapangidwa mu 2010, ndipo kukakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa ya Mmalawi aliyense kudayamba mu 2015 pansi pa National Registration Bureau. Zaka 51 za ufulu tidakhala ndi lamulo limene silinkaona vuto mbadwa ikafa osalembedwa. Ndipo si ife tokha: mu 2021 bungwe la World Health Organization lidati m'chigawo chake cha Africa imfa imodzi yokha mwa 10 ndiyo inkalembedwa m'kaundula. Lamulo lilipo tsopano, inde, koma lamulo la papepala silidziyendetsa lokha kupita pasiwa.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti ife si anthu osadziwa kulemba pamaliro. Pitani pamaliro alionse, mumzinda kapena kumudzi, mukapeza munthu atakhala pampando ndi kope ndi cholembera. Akulemba chiyani? Chipepeso. Mudzi wakuti wapereka zakuti, mpingo wakuti thumba la ufa, akuntchito zakuti, ndipo zonse zimawerengedwa mokweza kuti pasasowe tambala. Tili ndi luso lonse, tili ndi mwambo wonse, tili ndi mlembi kale pamalopo. Koma wolankhula m'malo mwa banja akaimirira timangomva kuti malemuwa adadwala nthawi yaitali, kapena kuti adangodandaula mutu. Timalemba mosamala za kwacha zimene zalowa, osalemba za munthu amene watuluka. Kuchokera mu 1985, pamene Edzi idapezeka koyamba m'Malawi, mawu akuti "adadwala nthawi yaitali" aphimba mitembo yosawerengeka, monga momwe nthenda yoondetsa inkaphimbira chindoko m'masiku a Graunt. Kenneth Kaunda ataulula mu 1987 kuti mwana wake adafa ndi Edzi, dziko lonse lapansi lidadabwa, chifukwa kunena chimene chapha munthu kudali ngati kuvula pagulu. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Ndipo mjigo wa Broad Street suli kutali ndi ife monga mukuganizira. Kuyambira mu Malichi 2022 kufikira mu 2023 nthenda ya kolera idapha Amalawi oposa 1,700, mliri woopsa koposa wa nthendayi m'mbiri ya dziko lino, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Chiwerengero chachikulucho tidachimva pawailesi. Koma chimene chidathandiza Snow sichidali chiwerengero chachikulu. Udali mndandanda wa anthu 83, aliyense ndi tsiku lake ndi khomo lake. Wophunzira wa zaumoyo kapena wa mbiri yakale wa chaka cha 2060 akadzafuna kudziwa kuti ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mtandire kapena ku Mgona adafa ndani, ankatunga madzi pati, ndipo khonsolo idachitapo chiyani, adzagogoda pakhomo liti? Funso limeneli liyankhidwe lero, mapepala asadadyedwe ndi chiswe.

Ndikudziwa kuti alipo ochita mantha ndi kaundula, ndipo mantha awo ali ndi mutu. Boma limene limalemba anthu lingathenso kuwasaka ndi buku lomwelo, ndipo nthenda ya munthu si nkhani yoti izikambidwa pamsika. Koma mankhwala a mantha amenewa ndi malamulo a kasungidwe: ziwerengero zituluke msanga popanda maina, maina atsekeredwe zaka zoikika, kenaka atsegulidwe kwa onse. Kukana kulemba chifukwa choopa wolamulira woipa n'kumuchitira ntchito yake, pakuti palibe chimene wakupha amachikonda koposa manda opanda dzina.

Tsono ndikufuna zinthu zinayi, ndipo palibe chofuna ngongole ya kunja. Choyamba, makhonsolo a mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, amene amayang'anira manda a m'mizinda, akhale ndi chipinda chosungiramo mabuku a maliro ndi munthu wophunzira wochisamala, ndipo chikhale chotsegukira anthu. Blantyre idakhala ndi khonsolo kuyambira mu 1895. Mzinda wa zaka zotere uyenera kutha kuonetsa akufa ake. Chachiwiri, mipingo ndi mizikiti, imene ina yakhala ikulemba mabuku a anthu ake kuchokera m'masiku a amishoni oyamba, ilole kuti mabukuwo ajambulidwe ndipo makope ake akasungidwe ku National Archives ku Zomba, nyumba imene yakhalapo kuyambira mu 1947, kuti moto umodzi usadzathenso kufufuta m'badwo wonse. Chachitatu, nyakwawa iliyonse ndi banja lililonse lione kulembetsa imfa ngati gawo la mwambo wa maliro, monga kusambitsa ndi kukumba manda, ndipo madokotala azilemba chimene chapha munthu m'mawu omveka, osati mawu ozembera.

Chachinayi chili kwa ife eni. Timakonda kulemba ndakatulo zolira makolo, za mizimu ndi nkhalango, ndipo timaomberana m'manja. Koma ndi angati mwa ife amene adakhalapo tsiku lathunthu ku National Archives akutembenuza mafayilo? Ndi angati amene popita kutchuthi adatenga kope n'kukhala pansi ndi gogo, kulemba maina a onse amene agona m'manda a mudzi wawo, chaka chimene adafa, ndi chimene anthu amati chidawatenga? Zina zidzakhala zolakwika, zina zidzakhala za ufiti ndi za mantha, monga za amayi a ku London aja. Lembanibe. Graunt wathu akadzabwera adzadziwa kupeta mankhusu, koma sangapete lichero lopanda kanthu. Aphunzitsi athu a mbiri, a zaumoyo ndi a chiwerengero cha anthu angathe kuisandutsa imeneyi ntchito ya m'kalasi chaka chino chomwe, ndipo makope onsewo asungidwe m'laibulale.

Akuluakulu adati mlandu suola, ndipo adanena zoona. Mlandu wa amtengatenga, wa njala ya 1949, wa padoko la Nkhata Bay, wa fumbi la m'migodi ndi wa madzi oipa a m'makomboni athu udakalipo, suoladi. Koma mlandu umafuna mboni, ndipo mboni zathu tikuziika m'manda tsiku ndi tsiku, kope la chipepeso lili m'manja. Amene akuti akufa asiyeni agone atiuze kaye kuti agona pati, ndi angati, ndipo adawagoneka ndani.